KAMERA YAKALE YA M'TIRANKI: KODI MTENGO WACE NDI WOTANI?

CHIPATA. M'nyumba zina za m'komboni ya Nabvutika, ku Mchini, ku Kapata ndi m'midzi yozungulira mzinda wa Chipata muli makamera akale a filimu amene agona m'matiranki ndi m'masutikesi kwa zaka 20 kapena 30 osakhudzidwa. Eni ace ambiri anamwalira kale, ndipo ana ndi adzukulu amene anatsala nawo sadziwa ngati agwira cuma kapena citsulo cabe.

Funso limeneli lakula m'zaka zapitazi cifukwa ca mbiri zimene zafika kudzera m'mafoni, zakuti kumaiko a kutali makamera akale agulidwa ndi ndalama zambiri. Mbiri zimenezi ziri ndi coonadi cace, koma siziri zoona pa kamera iri yonse. Banja limene silidziwa kusiyanitsa likhoza kutaya cinthu ca mtengo pa ndalama ya ndiwo za tsiku limodzi, kapena kuononga ndalama za ulendo wa ku Lusaka cifukwa ca kamera imene palibe amene aifuna.

M'MENE MAKAMERAWA ANAFIKIRA KUNO

Makamera ambiri a m'Cigawo ca Kum'mawa anabwera m'manja mwa anthu a paulendo. Amuna amene anapita kukagwira nchito ku Joni, ku Salisbury, ku Wankie ndi ku Migodi anali kubwerera kwao ndi njinga, wailesi, makina osokera, ndipo ena ndi kamera. Aphunzitsi, makalaliki a Boma ndi amishoni analinso nawo, ndipo ena anasiyidwa ndi alendo amene anali kupyola mu Chipata popita kukaona nyama ku cigwa ca Luangwa.

Kwa anthu ambiri kamera sinali coseweretsa ai, koma khasu lodyera. Wojambula anali kukwera njinga m'mawa ndi kuzungulira midzi, masukulu ndi machalichi. Anali kupezeka pa maukwati, pa ubatizo, pa mpira, ndiponso pa miyambo ikulu-ikulu monga Nc'wala ya Angoni ku Mtenguleni, imene inayambanso mu 1980, ndi Kulamba ya Acewa ku Mkaika m'boma la Katete. Munthu anali kulipira theka la mtengo pa tsiku lojambulidwa, ndi kudikira mpaka filimu idzale, itumizidwe kokatsuka ndi kubwerako. Filimu imodzi inali kutenga zithunzi 24 kapena 36, kotero wojambula sanali kudina mwacisawawa monga acitira ana a masiku ano.

CIMENE CINAPHA FILIMU, NDI CIMENE CAIUTSA

Kamera yoyamba ya m'manja ya dijito, yosafuna filimu, inapangidwa mu 1975 ndi Steven Sasson, wanchito wa kampani ya Kodak ku America. Panapita zaka zoposa 20 kuti makamera a mtundu umenewu achipe ndi kufika kwa anthu wamba, koma atafika anagwetsa malonda a filimu msanga. Kampani ya AgfaPhoto ya ku Germany inagwa mu 2005, ya Polaroid inaleka kupanga filimu yace mu 2008, ndipo mu Januwale 2012 Kodak yeniyeniyo inapempha khoti kuti liiteteze kwa amene inali nawo ngongole. Pamene mafoni ojambula anafika m'manja mwa ali yense, ojambula a pa njinga anapacika makamera ao. Pa nthawi imeneyo kamera ya filimu inalibe mtengo, ndipo yambiri inatayidwa kudzala kapena kupatsidwa kwa ana.

Zinthu zinayamba kutembenuka pambuyo pace. Acinyamata a ku Ulaya, ku America ndi ku Japan, amene anabadwa filimu itatha kale, anayamba kukonda maonekedwe a zithunzi zace ndi kudekha kumene imafuna. Mu 2018 Kodak inayambanso kugulitsa filimu yace yochedwa Ektachrome. Mu 2022 kampaniyo inalengeza kuti yalemba anchito ena oposa 300 pa fakitale yace ya ku Rochester, ndipo caka comweco kampani ya Leica inayambanso kupanga kamera yace ya filimu yochedwa M6. Mu Juni 2024 kunaturuka kamera yatsopano ya filimu yochedwa Pentax 17, pa mtengo wa madola pafupi-fupi 500.

Cifukwa cace mtengo wa makamera akale wakwera n'cosabvuta kumva. Ofuna acuruka, koma mafakitale amene anapanga makamerawo anasiya kale, ndipo caka ndi caka ena afa osakonzekanso. Ndi monga mbeu ya makolo imene yatsala kwa anthu ocepa pamene mudzi wonse waikumbukira.

MAGIREDI ATATU

Mlimi wa fodya adziwa kuti masamba a m'munda umodzi sagulidwa pa mtengo umodzi. Makamera nawonso ali ndi magiredi, ndipo coyamba kuyang'ana ndi dzina lolembedwa pamphumi pace.

Giredi yapansi ndi ya makamera amene anapangidwa ochipa kuti ali yense agule. Kodak Brownie yoyamba, yooneka ngati kabokosi, inaturuka mu 1900 pa mtengo wa dola imodzi. Kodak Instamatic inaturuka mu 1963, ndipo pofika 1970 anali atapangidwa oposa mamiliyoni 50. Cinthu cimene cinapangidwa cocuruka cotere sicisowa, ngakhale cikalambe bwanji. Coonjezera apo, Kodak inaleka kupanga filimu ya nambala 126 ya Instamatic mu 1999, ndi ya nambala 620 ya ma Brownie ambiri mu 1995. Makamera amenewa kawiri-kawiri agulidwa monga cokongoletsera m'nyumba, pa madola 10 kapena 20 ngakhale ku Ulaya komweko. M'giredi yomweyi muli makamera opepuka a pulasitiki a m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 amene alibe dzina lodziwika, ndi ma Zenit olemera a ku Soviet Union, amene anapangidwa mamiliyoni ndipo mtengo wao ndi wongokwerako pang'ono.

Giredi yapakati ndiyo imene ipezeka kwambiri m'matiranki a ojambula akale, ndipo ndiyo imene acinyamata a kunja aifuna kuti aigwiritse nchito. Muli Pentax K1000, imene inapangidwa kuyambira 1976 mpaka 1997. Canon AE-1 ya 1976 mpaka 1984. Olympus Trip 35 ya 1967 mpaka 1984. Yashica Electro 35, Minolta SR-T, Nikon FM2, ndi Yashica Mat-124G ya maso awiri, imene wojambula amaigwira pamimba ndi kuyang'anira pamwamba. Onsewa adya filimu ya 35mm kapena ya nambala 120, imene ikali kupangidwa ndi Kodak ndi Ilford. M'zaka za 2022 mpaka 2024, K1000 kapena AE-1 yamoyo pamodzi ndi diso lace inali kugulidwa kunja pa madola a pakati pa 100 ndi 250. Nikon FM2 ndi Yashica ya maso awiri zinali kupitirira pamenepo.

Giredi yapamwamba ndi ya maina monga Leica ndi Rolleiflex a ku Germany, ndi Hasselblad ya ku Sweden. Leica M3, imene inayamba kupangidwa mu 1954, imapitirira madola 1,000 ikakhala yabwino. Mbiri imene inagwedeza anthu ndi ya mu Juni 2022, pamene Leica ya nambala 105 inagulidwa pa okushoni ku Wetzlar m'dziko la Germany pa mayuro mamiliyoni 14.4. Koma kamera imeneyo inapangidwa mu 1923 pamodzi ndi zinzace zosakwana 30, ndipo inali ya Oskar Barnack, mmisiri amene anayambitsa Leica. Ogula analipira kusowa kwace ndi dzina la mwini wace. Munthu wa ku Nabvutika asawerengere mtengo wa kamera ya atate ace pa mbiri imeneyo.

Pali cenjezo lina pa giredi imeneyi. Anthu acinyengo a kunja akhala akutenga makamera ochipa a ku Soviet Union ochedwa FED ndi Zorki, ndi kuwalemba dzina la Leica, ena kuwapaka mtundu wa golide. Leica yonyezimira ngati golide imene ibwera ndi munthu wofulumira kugulitsa iyenera kukayikiridwa.

CIKOME-KOME CA NKHUYU

Dzina likhoza kukhala labwino, koma cimene cimaliza mtengo ndi moyo wa kamerayo. Akulu anati cikome-kome ca nkhuyu m'kati muli nyerere, ndipo nyerere za kamera ndi zinai.

Yoyamba ndi cuku. Kuyambira Novembala mpaka Epulo, pamene mvula igwa m'Cigawo cino, cinyezi cimalowa m'tiranki ndi kumeretsa cuku m'kati mwa diso la kamera, limene ojambula amalicha lenzi. Munthu akaunika ndi toci amaona timizere toyera ngati ndodo za kangaude. Cuku cikakhalitsa cimadya galasi, ndipo sicipukutikanso. Popeza kawiri-kawiri diso liri ndi mtengo wolingana ndi thupi la kamera, bvuto limeneli likhoza kudula theka la ndalama.

Yaciwiri ndi batire imene inaiwalika m'kati. Imaphulika ndi kusiya unga woyera kapena wobiriwira umene udya mawaya. Apa pali kusiyana kwakukuru. Pentax K1000 ndi Nikon FM2 zijambula ngakhale popanda batire, cifukwa batireyo ingothandiza kupima kuwala. Canon AE-1 ndi Yashica Electro 35 zidalira magetsi, ndipo mawaya akafa kamera yagona.

Yacitatu ndi kacitseko ka m'kati kamene kamatseguka ndi kutseka m'kamphindi kuti kuwala kufike pa filimu. Mafuta ace akauma kamacedwa kapena kukakamira. Poyesa, munthu atsegule kumbuyo, aloze kamera kowala, ndi kudina pa manambala onse a liwiro, kuyambira 1 mpaka 500 kapena 1000. Pa nambala 1 kacitseko kayenera kukhala kotseguka kwa sekondi imodzi, ndipo liwiro lizikwera pamodzi ndi manambala.

Yacinai ndi timiphira tofewa tozungulira citseko ca kumbuyo, timene titsekereza kuwala. Tikakalamba timasungunuka ngati phula. Ili ndi bvuto laling'ono, cifukwa mmisiri atha kuikapo tina, ndipo wogula sayenera kugwetsera mtengo pansi pa cifukwa cimeneci cokha.

Asanatsegule kumbuyo, munthu ayambe wapukusa pang'ono kacigwiriro kobwezera filimu. Kakalimba ndiye kuti m'kati muli filimu, ndipo iyenera kubwezedwa yonse m'cibuli cace citseko cisanatsegulidwe. Filimu yakale nthawi zina imaturutsabe zithunzi ikatsukidwa, koma ikaona kuwala kamodzi zonse zafafanizika. Ndiponso kamera siyenera kuthiridwa mafuta a njinga, a makina osokera kapena ophikira, kapena kumasulidwa ndi mpeni, ngakhale kupukutidwa diso ndi malaya. Ogula amakonda kamera yafumbi imene sinakhudzidwe kuposa yonyezimira imene yapasulidwa ndi munthu wosaphunzira nchitoyo.

MTENGO WA KU LONDON SI WA KU KAPATA

Kuti manambala a madola amveke, ndi bwino kuwayerekeza ndi cimanga. Mu 2024 dola imodzi inali kusinthidwa pa makwaca pafupi-fupi 26 kwa miyezi yambiri, ndipo bungwe la Food Reserve Agency linali kugula thumba la cimanga la makilo 50 pa K330. Motero kamera ya madola 150 inali pafupi-fupi K3,900, ndiko kuti matumba 11 kapena 12. Instamatic ya madola 10 inali K260, osakwana thumba limodzi.

Koma ndalama imeneyo ndi imene alipira wogula wotsiriza ku London kapena ku Tokyo, pa kamera imene yayesedwa ndi filimu, yapukutidwa, ndipo ali ndi ufulu woibweza ikakhala yoipa. Pakati pa Nabvutika ndi wogulayo pali ulendo wa makilomita oposa 550 kukafika ku Lusaka, mtengo wotumizira katundu pa ndege, gawo limene misika ya pa intaneti monga eBay imadula, ndi malipiro a mmisiri. Wamalonda amene agula kuno ayenera kucotsa zonsezi ndi kutsala ndi phindu lace. Cotero munthu akalandira theka la mtengo wa kunja pa kamera yamoyo sanaberedwe. Amene waberedwa ndi uja walandira K100 pa kamera ya matumba 12.

Alimi a kuno awadziwa bwino ogula a zikwama amene amafika pakhomo mbeu isanaume, pamene m'nyumba mulibe mcere ndipo ana afuna za sukulu. Njira yao ndi imodzi pa cimanga, pa nsawa ndi pa katundu wa m'nyumba: kunyoza cinthuco, kuonetsa ndalama m'manja, ndi kunena kuti basi inyamuka tsopano lino. Cirala ca 2024, cimene Mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema anacilengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse, cinakumbutsa mabanja kuti pa njala katundu amachipa. Kamera siola ngati tomato. Imene yadikira zaka 30 ingathe kudikira sabata ina imodzi kuti eni ace afunse.

Kufunsako n'kosabvuta. Banja lilembe pa pepala dzina la kamera, nambala ya mtundu wace, nambala yaitali yodindidwa pa thupi, ndi mau onse ozungulira diso. Mwana wa sukulu kapena mphunzitsi amene ali ndi foni ya intaneti afufuze maina amenewo, koma ayang'ane mitengo ya makamera amene anagulidwa kale, osati imene ogulitsa angochula. Mwini ng'ombe akhoza kuchula mtengo uli wonse, koma mtengo weniweni ndi umene waperekedwa ng'ombe ikamacoka m'khola. Cikwama cace ca cikopa, cibvundikiro ca diso, kabuku ka malangizo, ngakhale lisiti la sitolo zimaonjezera mtengo, ndipo zisatayidwe. Safunsa anadya phula.

Ngati mwini kamera anamwalira, nkhani ya kugulitsa ikambidwe pa banja. Lamulo la 1989 loona za katundu wa munthu womwalira wosasiya wilo limateteza mkazi wamasiye ndi ana, kotero mphwace wa malemu kapena mlongo wao sayenera kunyamula kamera yekha kupita nayo kumsika.

CUMA CINA CIRI PANSI PA TIRANKI

M'tiranki ya wojambula, pansi pa kamera, kawiri-kawiri mumakhala maenvulopu a zithunzi zimene eni ace sanabwere kudzatenga, ndi timizere ta filimu yotsukidwa timene ojambula amaticha manegetivi. Anthu ambiri amaona ngati zinyalala, ndipo wogula wocenjera amapempha kuti zikhale basera.

Zimene zinacitika kwina ziphunzitsa kuti zimenezi zingathe kuposa kamerayo. Ku Bamako m'dziko la Mali, Seydou Keïta anatsegula situdiyo mu 1948 ndi kujambula anthu wamba atabvala zobvala zao za pa cikondwerero. Anasunga manegetivi ace mosamala, ndipo m'zaka za m'ma 1990 zithunzi zace zinaonetsedwa ku Paris ndi ku New York ndi kugulidwa ndi nyumba zikulu-zikulu zosungiramo za luso. Mnzace Malick Sidibé, amene anali kujambula acinyamata pa madansi, analandira mphotho ya Golden Lion ku Venice mu 2007. Cimene cinachukitsa amuna awiriwa si makamera amene anagwira, koma nkhope zimene anasunga.

M'dziko lino, mu 2018 a Sana Ginwalla anapeza zithunzi zambiri-mbiri zosatengedwa m'cipinda ca kudenga ca Fine Art Studios, imodzi mwa masitudiyo akale a mu Lusaka, ndipo anayambitsa nchito yosonkhanitsa zithunzi za mabanja yochedwa Zambia Belonging. Zithunzi za a Alick Phiri, amene anali ndi Kwacha Photo Studio m'komboni ya Kanyama, zaonetsedwa poyera ndi kusindikizidwa m'buku. Kanyama ndi komboni monga Nabvutika, ndipo anthu a m'zithunzizo ndi anthu wamba monga a kuno.

Si wojambula ali yense amene adzachuka cotero, ndipo manegetivi ambiri sadzabweretsa ngwee. Koma mtengo wao uli pena. Pentax K1000 anapangidwa oposa mamiliyoni 3, ndipo wogulitsa yace lero akhoza kugula ina mawa. Negetivi ya ukwati wa ku Magwero, ya gulu la mpira la pa sukulu, kapena ya agogo atakhala pakhonde ndi imodzi pa dziko lonse. M'menemo muli maonekedwe a Chipata wakale, nyumba zimene zinagwetsedwa, mabvalidwe a nthawi ya UNIP, ndi nkhope za anthu amene adzukulu ao sanawaonepo.

Manegetivi asungidwe m'maenvulopu a pepala, pamalo ouma ndi okwera, kutali ndi ciswe, utsi ndi denga lodontha. Agwiridwe m'mphepete mokha. Okalamba amene akali moyo afunsidwe maina a anthu, malo ndi caka, ndipo zilembedwe ndi pensulo pa envulopu, pakuti cithunzi copanda dzina cimasanduka mlendo m'nyumba mwace momwe. Banja limene liri ndi zithunzi za misonkhano, mafumu kapena miyambo likhoza kudziwitsa a National Archives of Zambia kapena a Lusaka National Museum. Kamera imene banja lasankha kusunga icotsedwe mabatire ndi kuturutsidwa m'cikwama ca cikopa, cifukwa cikopa cimasunga cinyezi, ndipo iziyendetsedwa kacitseko kace mwezi ndi mwezi.

Kugulitsa kamera yamoyo si kulakwa. Ndi bwino ipite kwa munthu amene adzaidyetsa filimu ndi kulipirira mwana sukulu kapena feteleza, kusiyana ndi kuti cuku ciimalize m'tiranki. Cofunika ndi cakuti banja lidziwe giredi yace, liyese moyo wace, lifunse ogula awiri kapena atatu, ndipo pa tsiku la malonda maenvulopu a manegetivi atsale m'nyumba.